Mmene Mungawerengere Kafukufuku wa Seramiki Yoikidwa m'Mafupa a Nyama

Fupa likathyoka n'kulumikizidwa pa nthawi yake limapola lokha, ndipo ntchito ya chikhakha kapena zitsulo imangokhala kuligwira kuti lisagwedezeke. Vuto limakula pamene mbali ina ya fupalo yasoweratu: yaphwanyika pa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza, yaola ndi matenda a mafinya a m'mafupa mpaka madokotala aichotsa, kapena yadulidwa pamodzi ndi chotupa. Aliyense amene wagwirapo ntchito pakati pa odwala mafupa ku Mzuzu Central Hospital amadziwa kuti mpata ukakula kupitirira muyeso wina sutsekeka wokha, ngakhale wodwala atagona miyezi ingati. Njira imene madokotala amaidalira kwambiri mpaka lero ndi kutenga fupa pachiuno cha wodwala yemweyo n'kukaliika pampatapo, koma fupa lotengedwa motere limakhala lochepa, ndipo wodwalayo amatsala ndi bala lachiwiri lomwe nthawi zina limapweteka kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake akatswiri akhala akufunafuna zinthu zina zodzazira mipata ya m'mafupa, ndipo zambiri mwa zinthuzo ndi za seramiki, zinthu zolimba zosakhala zitsulo zomwe kawirikawiri zimapangidwa powotcha pa moto ngati mbiya.

Chinthu chotere chisanalowe m'thupi la munthu chimayamba chayesedwa pa nyama. Ophunzira a zaumoyo pa Mzuzu University ku Luwinga, anamwino ndi madokotala amakumana ndi malipoti a kafukufuku ameneyu, ndipo pafupifupi lipoti lililonse limatha ndi mawu okoma akuti fupa linalandira bwino seramikiyo. Mawu amenewo paokha sakuuzani kanthu. Kuti mudziwe ngati ali ndi phindu, muyenera kubwerera mmbuyo, kugawo lofotokoza mmene ntchito inagwiridwira, lomwe owerenga ambiri amalilumpha.

Dziwani kaye seramiki yake

Gulu loyamba la seramiki ndi la alumina ndi zirconia, zomwe ndi zolimba kwambiri ndipo thupi silizisungunula. Fupa limatha kukula mpaka kuzikhudza, makamaka ngati pamwamba pake pali pokhakhala, koma silimamatirana nazo, ndipo nthawi zina pakati pake pamatsala kamnofu kopyapyala kofanana ndi chipsera. Dokotala wa ku France, Pierre Boutin, anayamba kuika alumina m'chiuno cha odwala mu 1970, ndipo zirconia masiku ano imagwiritsidwanso ntchito ngati mizu ya mano oikirira.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu za kashiamu ndi phosphate, zomwe ndi zachibale ndi mchere umene umalimbitsa fupa lenileni. Hydroxyapatite, yomwe kashiamu wake poyerekeza ndi phosphorus ndi 1.67, imamatirana ndi fupa koma imasungunuka pang'onopang'ono kwambiri, moti imatha kupezeka pamalo pomwepo patapita zaka. Tricalcium phosphate, yomwe muyeso wake ndi 1.5, imatha msanga n'kusiyira fupa malo. Opanga ambiri amasakaniza ziwirizi, mwachitsanzo magawo 60 a yoyamba ndi 40 a yachiwiri. Calcium sulfate, yomwe ndi ufa womwewo wopangira chikhakha koma woyeretsedwa, inaikidwa kale m'mipata ya mafupa ndi Dreesmann ku Germany mu 1892, ndipo imasungunuka m'masabata owerengeka, nthawi zina fupa latsopano lisanafike n'komwe. Palinso galasi lotchedwa 45S5, lomwe Larry Hench anapanga ku University of Florida mu 1969. Litaikidwa m'mafupa a m'ntchafu a makoswe, patapita masabata 6 linali litamatirana ndi fupa moti silinkachoka ngakhale polikankha.

Musakhutire ndi dzina lokha. Ma hydroxyapatite awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi koma n'kuchita zosiyana kotheratu m'thupi, chifukwa imodzi inawotchedwa pa moto waukulu kwambiri n'kukhala yothinana, pomwe inayo inawotchedwa pa moto wocheperapo n'kutsala ndi timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri. Fufuzani ngati olemba atchula kutentha kumene anawotchera, ngati anaika ufa, timibulu kapena chibuma, komanso kukula kwa mabowo ake. Kafukufuku wa Hulbert ndi anzake pa agalu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anaonetsa kuti fupa lolimba limafuna mabowo a mamaikulomita pafupifupi 100 kuti lilowemo, ndipo ofufuza ambiri a pambuyo pake amakonda mabowo opitirira 300 kuti mitsempha ya magazi ilowe momasuka. Maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Chofunika kuposa kukula kwa mabowo n'chakuti akhale olumikizana mkati, popeza bowo lotsekeka kumbuyo magazi safikamo, ndipo kumene magazi safika fupa silimera.

Nyama yake ndi iti, ya msinkhu wanji

Khoswe ndi wotsika mtengo ndipo amapola msanga, koma khoma la fupa lake silikonzedwanso mkati monga limachitira la munthu, ndipo mafupa ake amapitiriza kukula kwa nthawi yaitali. Kalulu amagwiritsidwa ntchito kwambiri, ndipo mafupa ake amakhwima pa miyezi pafupifupi 6. Lipoti likanena kuti akaluluwo anali a miyezi 3, dziwani kuti mbali ina ya fupa latsopano limene olemba akulinyadiralo inabwera chifukwa nyamayo inali ikukulabe. Nkhosa ndi mbuzi zimalemera mofanana ndi munthu ndipo mafupa ake ndi aakulu mokwanira kuikamo chinthu cha msinkhu umene dokotala angaike mwa wodwala, ngakhale kuti kayalidwe ka mkati mwa fupa la nkhosa yaing'ono n'kosiyana ndi kathu. Galu ndi nkhumba zimayandikira kwambiri kwa munthu pa kapangidwe ndi kakonzedwe ka fupa.

Liwiro nalonso limasiyana. Ntchito yophwasula fupa lakale n'kumanga latsopano pamalo amodzi imatenga masabata pafupifupi 6 mwa kalulu, 12 mwa galu ndi 17 mwa munthu. Choncho zimene zaoneka mwa kalulu pa sabata yachisanu ndi chimodzi musaziyembekezere mwa wodwala pa nthawi yomweyo.

Bowo limene anaboola

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ine ndimaona kuti wowerenga amene wamvetsa gawo lino wamvetsa theka la kafukufuku yense. Fupa la nyama yathanzi likabooledwa kabowo kakang'ono limatseka lokha, kaya muikemo kanthu kaya musaikemo. Wofufuza akaboola kabowo kotere, n'kuikamo seramiki, n'kupeza fupa patapita masabata 8, chimene waonetsa n'chakuti seramikiyo sinaletse fupa kupola. Kudziwa zimenezi n'kofunika, ndipo ndi funso limene muyezo wa ISO 10993-6, womwe ndi malangizo a padziko lonse oyesera zinthu zoikidwa m'thupi, umayankha. Potsatira muyezowu, mwa kalulu amaika timibulu ta mamilimita 2 m'lifupi ndi 6 m'litali, ndipo mwa nkhosa, mbuzi kapena galu ta mamilimita 4 ndi 12. Koma funso la dokotala amene ali ndi wodwala wa mpata waukulu ndi lina. Iye akufuna kudziwa ngati chinthucho chingatseke malo amene fupa palokha lalephera.

Funso limeneli limayankhidwa ndi bowo lalikulu moti silingatsekeke lokha, lomwe Schmitz ndi Hollinger analilongosola mu 1986 ndipo m'malipoti limatchedwa critical-size defect. Pa chigaza cha khoswe wamkulu muyeso wodziwika ndi mamilimita 8, pa chigaza cha kalulu ndi 15, ndipo pa fupa la radius la m'mwendo wakutsogolo wa kalulu amachotsanso mamilimita pafupifupi 15. Komabe musangokhulupirira kuti bowo linali lalikulu mokwanira chifukwa olemba atero. Funani gulu la nyama zimene zinabooledwa chimodzimodzi koma bowolo n'kusiyidwa lopanda kanthu. Ngati m'gulu limenelo bowo linatsekeka lokha, ndiye kuti kafukufukuyo sangakuuzeni mphamvu ya seramiki. Ngati gululo palibiretu, chilichonse chimene olemba anena pa za ubwino wa chinthu chawo chilibe poimira. Lipoti labwino limakhalanso ndi gulu lachitatu, lomwe bowo lake linadzazidwa ndi fupa la nyama yomweyo, chifukwa imeneyo ndi njira imene seramiki ikufuna kulowa m'malo mwake.

Onaninso malo ake. Chigaza sichinyamula thupi, choncho chimene chachita bwino pamutu pa khoswe sichinayesedwebe pa kulemera. Fupa lofewa la kumapeto kwa ntchafu lili ndi magazi ambiri ndipo limapola msanga kuposa khoma lolimba la pakati pa msongolo.

Seramiki zambiri zimangopereka njira. Mmene nyemba zoyanga zimakwerera pa phesi la chimanga ndi mmenenso fupa lochokera m'mbali mwa bowo limayendera pamwamba pa seramiki: phesi silibereka nyemba, limangozithandiza kufika kumene sizikanafika zokha. Khalidwe limeneli limatchedwa osteoconduction. Osteoinduction ndi nkhani ina, pamene chinthu chimachititsa maselo amene sanali a fupa kusanduka omanga fupa. Umboni wake sungapezeke mkati mwa fupa, chifukwa mmenemo simungadziwe kumene fupa latsopano lachokera. Uyenera kupezeka mu mnofu kapena pansi pa khungu, kutali ndi fupa lililonse, monga anachitira Marshall Urist mu 1965 poika fupa lochotsedwa mchere m'minofu ya nyama. Ugo Ripamonti wa ku University of the Witwatersrand ku Johannesburg anaika hydroxyapatite ya mabowo m'minofu ya anyani, ndipo mu 1991 anafalitsa zotsatira zakuti fupa linamera mkati mwake popanda kuthiramo mankhwala okulitsa fupa. Mu 1996 anayerekeza nyama zitatu: mwa anyani fupa linamera lambiri, koma mwa agalu ndi akalulu linamera lochepa kwambiri. Chinthu chinali chimodzi, koma mayankho osiyana. Mukaona mawu akuti osteoinduction m'lipoti limene seramiki inaikidwa m'fupa mokha, dziwani kuti olemba anena zoposa zimene anayesa.

Nthawi

M'maola oyamba bowo limadzaza magazi oundana ndipo mapuloteni amamatirira pa seramiki. M'masiku otsatira kumabwera kutupa, ndi maselo oyera a m'magazi komanso ma macrophage amene amayeretsa pabalapo. Kenako timitsempha ta magazi timalowa, ndipo mwa nyama zing'onozing'ono fupa loyamba, losalongosoka ndi losalimba, limayamba kuoneka m'sabata yoyamba kapena yachiwiri. Pambuyo pake maselo otchedwa osteoclast amaphwasula fupa loyambalo ndipo ena otchedwa osteoblast amayala lina lokhwima, la mizeremizere. Kutupa kwa m'masiku oyamba si chizindikiro chakuti thupi lakana chinthucho, popeza opaleshoni yokha imabweretsa kutupa. Chodetsa nkhawa ndi kutupa kumene kukadalipo patapita miyezi.

N'chifukwa chake lipoti loyang'ana tsiku limodzi lokha limakusiyani m'malere. Muyezo wa ISO umaona sabata 1 mpaka masabata 4 ngati nthawi yaifupi, ndipo kuyambira masabata 12 kupita mtsogolo ngati nthawi yaitali. Pa seramiki yosungunuka pamafunika nthawi zosachepera zitatu: isanayambe kutha, ili mkati mwa kutha, ndiponso itatsala pang'ono kutheratu. Chimene mukufuna kuona ndi ngati kusungunuka kwa seramiki kukuyendera limodzi ndi kubwera kwa fupa. Ikatha msanga, pamalopo pamalowa mnofu wa chipsera. Ikakhalitsa, imatsekereza malo amene fupa lamoyo likanakhala.

Poyang'ana zithunzi za pa maikulosikopu

Musanayang'ane chithunzi, werengani mmene kachidutswa ka fupa kanakonzedwera. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuviika fupa m'mankhwala monga EDTA kapena asidi kuti lifewe, n'kulidula mopyapyala ngati mnofu wina uliwonse. Mankhwala amenewa amasungunulanso seramiki ya kashiamu, moti pachithunzi pamatsala malo oyera, opanda kanthu, ooneka ngati mmene timibulu tinalili. Wophunzira amene sanauzidwe amaganiza kuti thupi linamaliza kusungunula seramikiyo, chonsecho inathera m'botolo la mu labotale. Njira yachiwiri ndi kuumitsa fupa lonse pamodzi ndi seramiki yake m'pulasitiki yolimba, kulicheka ndi macheka a dayamondi, n'kulipala mpaka kuwala kuzidutsa, monga analongosolera Donath ndi Breuner mu 1982. Njira imeneyi ndi yodula ndipo imapereka tizidutswa tochepa, koma ndi imene imaonetsa bwino malo amene fupa ndi seramiki zikumanirana, ndipo pa alumina ndi zirconia ndi yomwe imatheka popanda kuzula chinthucho.

Tsopano tengani chithunzi chopakidwa utoto wa Goldner, womwe umaonetsa fupa lolimba mobiriwira ndi fupa latsopano losalimba mofiira. Yambani ndi chithunzi choonetsa bowo lonse, ndipo pezani m'mphepete mwake, pamene fupa lakale linadulidwa. Kuchokera pamenepo yendetsani maso kulowa pakati. M'mphepete nthawi zonse mumakhala fupa latsopano, ngakhale m'bowo lopanda kanthu, choncho pakati ndi pamene pali yankho. Mukafika pa kambulu ka seramiki, kamene kamaoneka kotuwa kapena kakuda, tsatirani malire ake mozungulira. Penapake mupeza chobiriwira chitagundana ndi seramiki popanda mpata, chili ndi timadontho ta maselo a fupa otchedwa osteocyte mkati mwake, ndipo pamwamba pake pali kamzere kofiira komwe ma osteoblast andandapo ngati mzere umodzi. Pamenepo fupa likumangidwa. Penanso mupeza ulusi wa mnofu utayalana motsatira malire a seramiki n'kuilekanitsa ndi fupa. Pamenepo thupi laikutira chinthucho m'malo molumikizana nacho. Olemba akakuonetsani zithunzi zokulitsidwa kwambiri zokhazokha, popanda cha bowo lonse, simungadziwe ngati anajambula pakati kapena m'mphepete.

Maselo akuluakulu a timitima tambiri amene mungawaone atamatirira pa seramiki amasokoneza ambiri. Pa tricalcium phosphate akhoza kukhala akugwira ntchito yabwino yoisungunula kuti fupa lilowe, ndipo utoto wa TRAP, womwe umawaonetsa mofiira, umathandiza kuwazindikira ngakhale kuti pawokha sukuuzani ngati akuthandiza kapena akulimbana ndi chinthucho. Yang'anani zimene zawazungulira. Ngati pambali pawo pali mitsempha ya magazi ndi fupa latsopano, zinthu zikuyenda. Ngati azunguliridwa ndi maselo oyera a m'magazi ambiri otchedwa lymphocyte, mnofu wakufa ndi chipsera chochindikala, thupi likulimbana ndi chinthucho.

Malipoti ena amaonetsa mizere yowala ya mitundu yosiyanasiyana. Nyama imabayidwa mankhwala amene amamatira pa kashiamu wa fupa limene likuuma pa tsikulo: tetracycline amawala chikasu, calcein mobiriwira, alizarin mofiira. Ndi khalidwe lomweli la tetracycline limene limachititsa kuti asapatsidwe kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, chifukwa amadetsa mano amene akupangika. Mukayeza mtunda wa pakati pa mizere iwiri n'kugawa ndi masiku amene anadutsa pakati pa jakisoni woyamba ndi wachiwiri, mumapeza liwiro limene fupa linkayalidwa. Mizereyi imakuuzaninso kumene fupa linayambira, kaya pamwamba pa seramiki penipeni kapena m'mphepete mwa bowo.

Manambala

Miyeso itatu imabwera kawirikawiri: gawo la malire a seramiki limene lagundana ndi fupa, kuchuluka kwa fupa latsopano m'bowo, ndi kuchuluka kwa seramiki yotsala. Onetsetsani kuti fupa ndi seramiki zinawerengedwa padera. Pa X-ray zonse ziwiri zimaoneka zoyera, moti bowo lodzaza hydroxyapatite limaoneka lotsekeka kuyambira tsiku la opaleshoni. Ngakhale makina a micro-CT, ojambula mkati mwa kachidutswa ka fupa pogwiritsa ntchito X-ray, amavutika kuzisiyanitsa seramiki ikayamba kusungunuka. Kuyesa mphamvu pokankha chinthucho mpaka chichoke kumathandiza, koma onani pamene chinathyokera: pamalire, mkati mwa seramiki, kapena mkati mwa fupa.

Werengani nyama, osati mabowo. Timibulu 24 toikidwa mwa akalulu 4 si mayeso 24 oima paokha, chifukwa mabowo a mwa kalulu mmodzi amapola ndi magazi amodzi ndi thanzi limodzi. Fufuzaninso ngati nyama zinagawidwa m'magulu mwa maere, ngati amene ankayeza zithunzi sankadziwa gulu limene akuyang'ana, ndiponso ngati nyama zimene zinafa kapena kuchotsedwa m'kafukufuku zatchulidwa pamodzi ndi zifukwa zake. Malangizo a ARRIVE okhudza kalembedwe ka malipoti a kafukufuku wa nyama, amene anatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2020, amafuna kuti zonsezi zilembedwe.

Kasamalidwe ka nyama

Opaleshoni ya fupa imapweteka kwa kalulu monga imapwetekera kwa munthu. Lipoti liyenera kutchula komiti imene inavomereza ntchitoyo, mankhwala ogonetsa, mankhwala opha ululu a pambuyo pa opaleshoni, ndi njira imene nyama zinaphedwera pamapeto. Mfundo zitatu za Russell ndi Burch za mu 1959 zikadali maziko: kugwiritsa ntchito njira ina ngati ilipo, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndi kuchepetsa kuvutika kwa nyama iliyonse. Nkhaniyi imakhudzanso zotsatira, popeza nyama imene ikumva ululu sidya bwino ndipo sipondera mwendo, ndipo fupa losapondedwa limapola mosiyana. Amene akuganiza zochita kafukufuku wotere kuno ku Malawi ayambe afunsa komiti yoona za kafukufuku pasukulu pawo ndi bungwe la National Commission for Science and Technology, ndipo asagwire nyama popanda dokotala wa ziweto.

Kuchoka pa nyama kufika pa wodwala wathu

Nyama za m'kafukufuku kawirikawiri zimakhala zazing'ono msinkhu, zodya bwino, ndipo bowo lake limabooledwa mwaukhondo ndi chipangizo chakuthwa. Wodwala amene wabwera kuchokera ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay patapita masiku chichitikireni ngozi amakhala ndi bala limene munalowa dothi, minofu yowonongeka, mwinanso matenda a shuga, kuperewera kwa zakudya m'thupi kapena chizolowezi chosuta fodya. Seramiki ilibe magazi akeake, choncho ikaikidwa pamalo pamene pali tizilombo, timamatirira pamwamba pake n'kupanga kansalu kamene mankhwala amavutika kukadutsa. Seramiki ya mabowo imaswekanso msanga, moti pa fupa lonyamula thupi imafuna zitsulo zoigwirizira. Ndipo fupa kulandira bwino chinthu sikutsimikizira kuti chinthucho chidzakhalitsa: cha m'ma 2001 mitu yambiri ya zirconia yoikidwa m'chiuno cha odwala m'malo mwa mutu wa fupa la m'ntchafu inasweka chifukwa cha kusintha kwa kawotchedwe kake kufakitale, vuto limene silikanaoneka poyang'ana mmene fupa la kalulu likukhalira pambali pake.

Choncho sankhani kafukufuku amene funso lake likufanana ndi lanu. Ngati mukuganizira za mayi wachikulire wa mafupa ofooka, funani kafukufuku wa makoswe aakazi ochotsedwa mazira, chifukwa ndi amene mafupa awo amafooka mofanana. Ngati mukuganizira za mwana wa mafinya a m'fupa la msongolo, funani kafukufuku amene anayamba waika tizilombo ta Staphylococcus aureus m'fupa la kalulu, n'kudikira kuti matenda akhazikike, n'kuchotsa fupa loola, kenako n'kuikamo seramiki, kaya yosakaniza ndi mankhwala monga gentamicin kapena vancomycin, kaya yopanda mankhwala. M'lipoti lotere musakhutire ndi X-ray kapena ndi mawu akuti bala linauma. Pezani pamene olemba akunena kuti pamapeto anatenga fupa ndi zotsalira za seramiki n'kuzidzala mu labotale, ndipo onani kuti tizilombo tinameranso mwa nyama zingati pa gulu lililonse.